Injini ya boti ya 1971 yomwe inakhoza mayeso ku Vaal n'kukapsa ku Nkhotakota

Nkhaniyi ndikulembera amisiri anzanga amene timakonza mainjini a maboti kuno ku Joni, makamaka inu amene anthu akwathu amakubweretserani mainjini akale oti akagwire ntchito kunyanja. Vuto lalikulu m'nkhaniyi ndinalibweretsa ndine, choncho ndifotokoza mosabisa mawu. Anthu ake sindiwatchula mayina.

Eni nkhani ndi achimwene ena a ku Nkhotakota, aakulu kwa ine, amene akhala akusamala maluwa ndi kapinga panyumba ina kumpoto kwa Johannesburg kwa zaka zoposa 10. Abwana awo aamuna atamwalira, madamu anayamba kuchotsa katundu wa malemuwo m'galaja, ndipo kuseri kwa zitini za penti kunapezeka injini ya boti itakutidwa ndi bulangete lakale. Malemuwo ankapita nayo ku Vaal Dam kukawedza masiku a tchuthi. Madamu anati aitenge ngati akuifuna. Achimwenewo maganizo anathamangira kwa amalume awo kumudzi, omwe ali ndi boti la matabwa ndi chilimira, koma nthawi imeneyo ankachita kubwereka injini n'kumagawana ndalama za usipa ndi mwini wake.

Anafika nayo Loweruka m'mawa pa pikiapu ya mnzawo, pamalo pomwe ndimagwirira ntchito kuseri kwa nyumba ku Rosettenville. Inali Johnson ya mahosipawa 25, ya masilinda awiri, yolizira chingwe. Kachitsulo ka nambala kanali kakadalipo, ndipo kanasonyeza kuti ndi ya 1971, ya mwendo wautali. Mwendo ndinauyang'ana msanga chifukwa maboti a matabwa akwathu amakhala ndi thako lalitali, ndipo injini ya mwendo waufupi pulopela yake imangomenya thovu. Tinawaimbira amalume kuti ayeze thabwa la kumbuyo kwa boti ndi tepi n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp. Linakwana mainchesi 20, ndendende muyezo wa mwendo wautali.

"Amisiri, imeneyi ingadzuke?" anafunsa achimwenewo.

Ndinawauza kuti andisiyire mpaka Lachitatu.

Injini yomwe yagona nthawi yaitali sitiyamba n'kuikoka chingwe. Ndinachotsa mapulagi, n'kudontheza oyilo pang'ono m'masilinda, kenako n'kuzunguza fulayiwilo ndi dzanja. Inazungulira myaa, popanda kugogoda kapena kukwekwesa. Nditaipukusa kangapo kuti oyiloyo achoke, ndinaika geji ya kompuleshoni, yoyeza mphamvu yomwe pisitoni ikupanikizira mpweya m'silinda: 97 psi silinda ya pamwamba, 95 ya pansi. Mmisiri wa ku Durban ataona manambala amenewa akhoza kupukusa mutu kuti injini yatopa, koma kuno si choncho. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, pafupifupi 83 kPa pomwe kugombe ndi 101, ndipo geji nayo imawerenga motsika. Chomwe ndimayang'ana kwambiri n'chakuti masilinda awiriwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Zimenezi ndinawafotokozera achimwenewo monyadira ndithu, ngati mphunzitsi m'kalasi. Musungeko ndime imeneyi, chifukwa nzeru yomweyi ndinaisiya pakhomo nditafika pa kabuleta.

Moto unalibe m'mapulagi onse awiri. Ndinachotsa fulayiwilo ndi pula yomangira m'mabowo atatu a pamwamba aja. Musamayerekeze kuigwira m'mphepete ndi pula ya zikhadabo kapena kuimenya ndi hamala, imapindika. Pansi pake ndinapeza zomwe aliyense wozolowera mainjini a OMC, kampani yomwe inkapanga Johnson, a zaka zimenezo amayembekezera: makoyilo onse awiri atang'aluka ngati dothi la dambo m'mwezi wa Okutobala, mapointi, tizitsulo totsegula ndi kutseka moto wopita ku mapulagi, atachita dzimbiri. Ndinasintha makoyilo, mapointi, makondensa ndi mawaya a mapulagi. Mapointi ndinawasiya mpata wa 0.020 ya inchi, womwe ndi theka la milimita, mapulagi 0.030. Pa injini zimenezi mpata wa mapointi ndi womwenso umakhazikitsa nthawi yomwe moto ubwere, choncho si malo ochitira mwachidule. Fulayiwilo isanabwerere ndinasinthanso silo ya pamwamba ya kirankishafti, poti ndinali nditafika kale pomwepo.

Kumunsi kunali zachizolowezi. Impela ya pampu ya madzi inali itauma, mapiko awiri atathyoka. Oyilo wa m'giyabokisi anatuluka woyera ngati mkaka, ndipo nditachotsa pulopela ndinapeza ulusi wa mbedza utakulungika pa shafti n'kudya silo. Thermostat inali itakakamira. Zonsezi ndinasintha, pamodzi ndi dayafulamu ya pampu ya petulo.

Kabuleta inali itamata ndi petulo wakale wouma ngati vanishi. Ndinaiphwasula yonse, kuinyika, kuitsuka, n'kuchotsa choyandama chake chakale cha koko n'kuikamo chapulasitiki. Injini ya chaka chimenechi ili ndi singano yosinthira mafuta pamene ikulira pang'onopang'ono, koma ikatsegulidwa mphamvu, mafuta amadutsa pa jeti yaikulu, kachitsulo kakang'ono ka bulasi kokhala ndi bowo la muyezo wosasinthika. Jetiyo ndinaimasula, kuipemerera ndi mpweya, kuisuzumira padzuwa kuti bowo layera, n'kuibwezera pamalo pake. Pambali pake panali nambala yodinda. Sindinaiwerenge. Inali m'manja mwanga mphindi zingapo, buku la mapatsi linali pashelefu kumbuyo kwanga, koma ine ndinali kufuna dothi basi, osati muyezo.

Ndisanayitanitse mapatsi onsewa tinakhala pansi kaye, ndipo ndinawauza zoona. Kampani yomwe inkapanga mainjiniwa, Outboard Marine Corporation (OMC), inagwa m'chaka cha 2000. Amene anagula mayina a Johnson ndi Evinrude anasiya kupanga Johnson patapita zaka zochepa, ndipo mu 2020 anatsekanso Evinrude. Makoyilo, maimpela ndi magasiketi akupezekabe chifukwa mainjiniwa anapangidwa ochuluka kwambiri ndipo pali makampani ena amene amasula mapatsi ake, koma akupezeka kuno, osati ku Dwangwa kapena pa boma la Nkhotakota. Kunyanja kwathu injini yomwe mmisiri aliyense amaidziwa ngakhale atatsinzina ndi Yamaha Enduro. Ngakhale masipanala ake ndi osiyana: Yamaha ndi ya mamilimita, pomwe iyi mabawuti ake ndi a mainchesi, 7/16 ndi 1/2, ndipo mmisiri akakakamiza sipanala ya 11 kapena 13 amangokulungiza mitu ya mabawuti. Langizo langa linali lakuti tiidzutse, tiigulitse kwa azungu amene amakonda kusunga mainjini akale, iwo awonjezerepo ndalama n'kugula Enduro yogwirapo kale ntchito.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Amisiri, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikaigulitsa, ndalamayo idzathera fizi ya ana ndi lendi, Yamaha yosaoneka."

Sindinatsutse, chifukwa ndimadziwa momwe ndalama ya kuno imasungunukira m'thumba. Komanso ndisaname, mtima wanga unali kale pa injiniyo. Injini ya two-stroke yakale ngati iyi ili ndi ubwino wake womwe sungaupeze pa mainjini amakono. Ilibe mavavu ngati a injini ya galimoto, ilibe lamba wa taimingi, ilibe kompyuta, sifuna batire. Moto imadzipangira yokha ndi maginito a m'fulayiwilo. Oyilo umasakaniza m'petulo, ndiye palibe sampu yoti itayikire. Ukhoza kuigoneka pamchenga mbali iliyonse, pomwe four-stroke ukaigoneka molakwika oyilo amalowa m'silinda. Imalemera makilogalamu pafupifupi 40, anyamata awiri amainyamula kuchokera kudoko mpaka kunyumba osapumira. Ikamira, umachotsa mapulagi, kutaya madzi, kutsuka ndi petulo wosakaniza, n'kuiliza tsiku lomwelo isanachite dzimbiri. Kuipa kwake n'kwakuti imamwa. Ikatsegulidwa mpaka mapeto, ya mahosipawa 25 imatha malita pafupifupi 10 pa ola, ndipo gawo lina la petuloyo limatuluka osapsa n'kukathera m'madzi. N'chifukwa chake maiko a ku Ulaya ndi America anakhwimitsa malamulo mpaka mainjini a mtundu umenewu anasiya kugulitsidwa atsopano kumeneko. Zimenezinso ndinawauza.

Mapatsi atafika ndinaimanga, n'kuipachika mu mgolo wa malita 200. Inalira pa chikoka chachitatu, utsi wabuluu n'kudzadza bwalo lonse mpaka mayi a nyumba yoyandikana nayo anatuluka kudzaanula zovala akung'ung'udza. Injini zimenezi zilibe kamtsinje ka madzi kotuluka pambali ngati zamakono. Umayang'ana madzi owaza pa bowo la utsi kumbuyo kwa mwendo, ndipo umagwira mutu wa silinda ndi dzanja. Zonse zinali bwino.

Koma mgolo sunena zoona za injini ikanyamula katundu, choncho Lamlungu lotsatira tinapita ku Deneysville, m'mbali mwa Vaal Dam. Kuno injini yoposa mahosipawa 15 imafuna woyendetsa wokhala ndi chiphaso, ndiye tinapita ndi mnzanga wina amene ali nacho, pa boti lake la aluminiyamu. Tinali atatu. Injiniyo inayenda mokoma zedi, kunyamuka kosakayika, kulira kosalala. Titathamanga mphindi 15 mphamvu zonse, ndinaizimitsa mwadzidzidzi ili pa liwiro lomwelo n'kumasula mapulagi kuti ndione mtundu wake. Onse awiri anali ofiirira ngati tiyi wamkaka, ouma bwino, mtundu womwe mmisiri aliyense amaulakalaka. Ndinawajambula n'kuwasonyeza achimwenewo, tinagwirana chanza.

Apa ndi pomwe ndikufuna tiimepo amisiri. Mapulagi okongola aja anali chenjezo, osati chiphaso. Vaal Dam ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,480. Injini yomwe ili ndi jeti ya ku fakitale, yoyezera kugombe la nyanja yamchere, ikafika pamtunda wotere imayenera kuoneka kuti yakhuta mafuta: mapulagi akuda pang'ono, utsi wochuluka, kulira kodukizadukiza. Ikakhala kuti ili bwinobwino pa Vaal, ndiye kuti winawake anaichepetsera kale jeti. Ndipo ndi zomwe amisiri a kuno amachita kwa eni maboti a ku Vaal ndi ku damu la Hartbeespoort, n'zoyenera ndithu kwa injini yomwe izikhala konkuno. Funso loti injiniyi ikupita kuti ndinali ndi yankho lake kuyambira tsiku loyamba. Kungoti sindinaligwirizanitse ndi zomwe maso anga ankaona.

Tinakhuthula petulo ndi oyilo wa m'giyabokisi, n'kuikhomera bokosi la matabwa. Ndinaikamo masipanala a mainchesi, impela ina, mapulagi anayi, mapini a pulopela, mabotolo a oyilo wosakaniza m'petulo wa mtundu wa TC-W3, ndi pepala lomwe ndinalemba m'Chichewa: malita 25 a petulo, theka la lita ya oyilo, kutanthauza 50 kwa 1, muyezo womwe OMC inakhazikitsa pa mainjini ake kuyambira 1964. Ndinalembanso ndi zilembo zikuluzikulu kuti athire oyilo m'giyabokisi asanailize. Madamu aja analemba kalata yotsimikiza kuti ndi mphatso, inadindidwa kupolisi, ndipo bokosilo linanyamuka ndi otumiza katundu kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Dedza. Thanki ndi payipi yake sitinatumize. Amalume anati ali nazo zawo zakale.

Masabata awiri oyamba mauthenga anali a chimwemwe chokhachokha. Amalume anatumiza mawu pa foni akuti injiniyo ndi chilombo, ikukankha boti lodzadza ndi ukonde, nyali ndi alovi ngati mulibe kanthu. Zinali zomveka. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wosafika mamita 500, mpweya wake ndi wolemera pafupifupi 96 kPa, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse okwera, ndiye potsika inabwezeredwa mphamvu zomwe kuno inalibe. Kuwonjezera apo, injini yochepekedwa mafuta pang'ono imalira mwaukali, imamveka ngati yamphamvu kwambiri. Ine ndinangosangalala nawo.

Chizindikiro choyamba chinabwera sabata lachitatu. Akathamanga mphamvu zonse kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, injini imayamba kufooka yokha, ngati munthu waigwira kumbuyo. Akachepetsa moto pang'ono imabwerera. Mmisiri wa padoko, mnyamata wochenjera ndithu, anaganizira kutentha, n'kusintha impela ndi ija ndinatumiza. Yomwe anachotsa inali yatsopano, yopanda banga. Amalume nawo anayamba kuthira oyilo wochuluka m'thanki poganiza kuti aiziziritse. Maganizowo ndi omveka, koma oyilo akachuluka amatenga malo a petulo pa bowo lomwelo la jeti, choncho njala ya mafuta siichepa, imawonjezekako pang'ono. Zonsezi ine sindinauzidwe. Achimwene anati sanafune kundivutitsa ndi tinthu tating'ono.

Ndinamva tsiku lomwe inazima. Anali pobwerera mbandakucha, mwera utayamba kuomba, ndipo woyendetsa anatsegula mphamvu zonse kuti afike kumtunda mafunde asanakule. Injini inafooka, n'kuzima phwii, chingwe osakokeka. Anapalasa ndi nkhafi kwa nthawi, boti likumwa madzi, mpaka boti lina linawakoka. Palibe anavulala, koma usipa wambiri anautayira m'madzi kuti boti lipepuke. Atafika kumtunda injini inali itazizira, chingwe chinakokeka, ndipo inaliranso.

Injini yomwe yagwira ikatentha n'kumasuka ikazizira ndiye kuti pisitoni inafufuma n'kumata kukhoma la silinda. Ndinauza achimwene kuti awaletse amalume kuilizanso ngakhale kamodzi, ndipo andilumikize ndi mmisiri wa padoko uja pa vidiyo.

Tinayenda naye pang'onopang'ono. Zomwe zimatenthetsa pisitoni ya two-stroke n'zodziwika: kusowa madzi, kusowa oyilo, moto wobwera mofulumira kwambiri, mpweya wolowera pamalo olakwika, kapena kuchepa kwa petulo. Madzi ankatuluka bwino ndipo penti ya pa mutu wa silinda sinapse, pomwe injini yosowa madzi penti yake imasanduka yofiirira n'kutukusira. Oyilo analimo wochuluka. Mpata wa mapointi sunasunthe. Ndinamupempha kuti amasule mapulagi n'kuwaika pa nsalu yakuda. Chithunzi chitafika, m'mimba munandizizira. Pulagi ya pansi inali yotuwa ngati phulusa. Ya pamwamba inali yoyera mbuu, dongo lake litatuluka matuza, ndi timadontho tonyezimira ta aluminiyamu tomatirira m'mphepete.

"Achimwene, pali geji ya kompuleshoni pafupi?" Anakabwereka kwa wokonza njinga zamoto pa msika. Ya pansi 110 psi, zomwe zikugwirizana ndi 95 ya kuno. Ya pamwamba 72.

Kenako ndinati atsegule kabuleta, amasule jeti yaikulu, aipukute n'kuijambula pafupi. Anavutika nayo chifukwa kamera ya foni sinkagwira tizilembo tating'ono, mpaka anaika dontho la madzi pa galasi la kamera kuti likuze. Ine uku ndinatsegula buku la mapatsi. Jeti yomwe inalimo inali yocheperapo ndi masitepe awiri poyerekeza ndi ya ku fakitale. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndili ndi buku m'manja.

Panali chinanso chomwe chinathandizira. M'mbale ya kabuleta mnyamatayo anapezamo tizidutswa takuda ngati tsabola wosinja. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo dziko lathu linayamba zimenezi mu 1982 ku Dwangwa, kufupi ndi kwawo kwa amalumewo. Mafutawo alibe mlandu, galimoto ndi mainjini ambiri akuyendera omwewo. Koma ethanol ali ndi makhalidwe awiri oyenera kuwadziwa. Amadya labala yakale yomwe sinapangidwire iye, ndipo payipi ya thanki ya amalume inali itayamba kunyenyeka m'kati, tizidutswa take n'kumatsekereza njira ya mafuta. Chachiwiri, ethanol amafuna mpweya wochepa kuti apse poyerekeza ndi petulo weniweni, ndiye pa jeti yomweyo petulo wosakaniza amachititsa injini kukhala yanjala kuposa kale. Jeti yaing'ono, mpweya wolemera, petulo wa ethanol, payipi yonyenyeka, boti lolemera lothamangitsidwa nthawi yaitali: chilichonse pachokha mwina injini ikanapirira, koma zinakumana pa pisitoni imodzi. Two-stroke imadalira petulo kuziziritsa mutu wa pisitoni, ndipo oyilo wake amabwera ndi petulo yemweyo. Ukaichepetsera petulo waichepetsera zonse ziwiri.

Mnyamatayo anati akhoza kukuza bowo la jeti ndi singano yosokera nsapato. Ndinamukaniza. Kusiyana kwa jeti ina ndi inzake n'kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndipo bowo lokuzidwa ndi singano silikhala lozungulira; simungadziwe kuti mwaika muyezo wanji. Anafunsanso ngati angangosintha maring'i komweko. Titachotsa chivundikiro cha mbali ya utsi n'kuona pisitoni pa vidiyo, inali ndi mizere yakuya, ring'i ya pamwamba itamatirira mu mpata wake. Imeneyo si ntchito ya pamchenga. Tinagwirizana kuti achotse mutu wonse wa injini, asiye mwendo, autumize kuno.

Kukambirana ndi achimwene kunali kovuta kuposa ntchito yeniyeniyo. Ndinawauza mosazungulira kuti jeti ija ndinaigwira ndi manja anga ndipo sindinaiwerenge. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangoti, "Chikhala kuti anthu aja anamira, tikanakamba zina." Tinagwirizana kuti ntchito, jeti, magasiketi ndi ndalama yotumizira ulendo wobwerera zikhale zanga, iwo agule pisitoni ndi maring'i.

Nditauphwasula, mwayi unalipo. Silinda za injiniyi zili ndi khoma la chitsulo m'kati mwa aluminiyamu, ndipo zambiri zomwe zinkaoneka ngati mikwingwirima zinali aluminiyamu wa pisitoni womatirira pa chitsulocho. Ndinamuchotsa ndi asidi wa m'madamu osambira, kudontheza ndi kathonje pa malo okhawo, panja pa mphepo, nditavala magolovesi ndi magalasi, ndikusamala kuti asakhudze aluminiyamu wa m'mabowo a silinda chifukwa amamudya nthawi yomweyo. Nditatsuka ndi madzi a soda n'kupala pang'ono ndi honi, khoma linatsala losalala, chikhadabo osakodwa paliponse, ndipo muyezo wake unali ukadali m'malire a buku. Sipanafunike kuboola. Ndinaika pisitoni yatsopano pamwamba, maring'i atsopano konse kuwiri, masilo onse a kirankishafti, ndi jeti ya muyezo wa ku fakitale. Mabering'i anali bwino. Oyilo wochuluka wa amalume uja mwina anathandizako pamenepo.

Ndinabwereka mwendo wa injini ina yofanana nayo kuti ndiyese, ndipo tinabwereranso ku Vaal. Ulendo uno injini inayenda moipa. Utsi unali wambiri, pakatikati inkalira modukiza ngati ikutsokomola, liwiro linatsika, mapulagi anatuluka akuda ndi onyowa. Achimwene anandiyang'ana ndi diso loti kodi munthuyu watani.

"Amisiri, poyamba paja inali bwino kuposa apa."

"Eya achimwene, poyamba ndinaikonzera ku Vaal. Panopa ndaikonzera kwa amalume."

Ndinawasonyeza majeti awiriwo pa chikhatho changa. Ndi maso sangasiyane. Kunena zoona, kuyesa kwa kuno kunangonditsimikizira kuti madzi akuyenda, palibe chodontha, kompuleshoni yafanana ndipo magiya akulowa. Za muyezo wa mafuta, woyesa weniweni anali mnyamata wa padoko uja, ndipo ndinamulembera momwe achitire: maola 10 oyamba oyilo akhale wowirikiza kawiri, lita imodzi pa malita 25, osatsegula mphamvu zonse kwa nthawi yaitali, akatha pamenepo athamange mphindi zisanu boti litanyamula katundu wake wa masiku onse, azimitse ili pa liwiro, ajambule mapulagi. Ndinatumiza payipi yatsopano yopirira ethanol ndi kapampu kake kofinya, sefa ya petulo yoonekera m'kati, ndi jeti inanso yokulirapo ndi sitepe imodzi.

Zithunzi zoyamba zinasonyeza mapulagi ofiirira koma openya ku kuyera. Pa boti la tchuthi ndikanawasiya choncho. Pa boti la usodzi, lomwe limathamanga ola lathunthu litalemedwa usiku, ndi petulo yemwe nthawi zina amagulidwa m'zigubu osadziwa kuti wakhalitsa bwanji, ndinasankha kutaya mafuta pang'ono kusiyana ndi kutayanso pisitoni. Anaika yokulirapo ija. Mapulagi anadera pang'ono, ndipo amafuna kupukutidwa pafupipafupi, koma kufooka kuja sikunabwerenso. Pulopela ndinaisiya yomwe inalipo. Nayonso inali ya kuno, yopepuka kuti injini izitha kuzungulira bwino mu mpweya wochepa. Pa boti lopepuka kunyanja ikanachititsa injini kuzungulira mopitirira, koma pa boti la matabwa lodzadza inakhala yoyenera mwangozi.

Kuchokera pamenepo, injini iliyonse ya kabuleta yomwe ikupita kumudzi ndimaiwerenga jeti n'kulemba nambala yake pa kadi la ntchito, moyandikana ndi ya m'buku. Sabata zingapo zapitazo ndinapeza vuto lomweli pa Mariner ya mahosipawa 40 yomwe imapita ku Mangochi, ndipo mwini wake anali ataiyesa kale ku Hartbeespoort n'kukhutira nayo. Zimachitikanso mobwerera: injini yochokera ku Durban kapena Cape Town ikafika kuno n'kumatsokomola utsi, musathamangire kuichepetsera jeti musanafunse komwe ikagwire ntchito.

Injini ya amalume inagwira nyengo yonse ya usipa osavutanso. Chomwe chinawasinthitsa maganizo ndi petulo. Nthawi yomwe mafuta ankasowa m'dziko, anawerengera n'kuona kuti ulendo wautali wa usiku ukudya phindu, poyerekeza ndi anzawo a mainjini a mahosipawa 15. Anagwirizana ndi mkamwini wawo n'kugula Enduro yaing'ono yogwirapo kale ntchito, ndipo Johnson ija anaisamutsira pa boti lonyamula anthu ndi matumba a nsomba zouma maulendo afupiafupi m'mbali mwa gombe, komwe mphamvu zake zimalipira mafuta ake. Mwezi watha mnyamata wa padoko anayeza kompuleshoni: 111 pamwamba, 109 pansi. Wandiuza kuti giya ya kutsogolo yayamba kudumpha akatsegula mphamvu, ngati boti lagunda chitsa. Ndamuuza ayambe wayang'ana ngati ndodo ya giya ikukankha mpaka mapeto. Ngati ili bwino ndiye kuti mano a kachitsulo kolumikiza magiya aperepeseka. Kachitsuloko ndayitanitsa kale, pamodzi ndi gasiketi ndi masilo ake, ndipo achimwene akanyamula okha popita ku tchuthi mu Disembala.